Kutentha ndi Kuzizira kwa ku Katete Caka Conse

Alimi akakumana pamsika kapena pabwalo la mfumu, nkhani yao ikhala ya mvula: inayamba liti, inadula liti, ndi kuti caka ca mawa idzadza bwanji. Za kutentha ndi kuzizira sakamba kawiri kawiri, makamaka ku malo onga Katete kumene nyengo iri yofatsa. Munthu wa ku Katete sanaonepo madzi ataundana mumtsuko, ndiponso sagona pabwalo cifukwa ca thukuta monga acitira anthu a ku cigwa ca Luangwa m'mwezi wa Okutobala. Komatu kufatsa komweko ndiko kumene kumapusitsa ambiri. Anapiye amene afa mu Juni, mbeu imene ipserera m'nthaka mu Okutobala, ndi cimanga cimene cifumbwa m'nkhokwe Khrisimasi isanafike, zonsezi zionongeka ndi kuzizira kapena kutentha kumene mwini wace sanakuyembekeze. Cotero nkofunika kuti mlimi adziwe mayendedwe a kutentha caka conse monga momwe adziwira mayendedwe a mvula.

Muyeso Wace

Kutentha amakuyesa ndi kagalasi konga kaja kamene anamwino aika m'khwapa mwa wodwala ku cipatala, ndipo ciwerengero cace amaciti madigiri. Pa muyeso wa Celsius, umene ugwira nchito m'Zambia, madzi aundana pa 0, thupi la munthu wosadwala liri pa 37, ndipo madzi awira pa 100 m'mbali mwa nyanja yamcere.

Anthu a nchito ya zanyengo saika kagalasi kao padzuwa. Amakaika m'kabokosi koyera ka mipata mipata, koimikidwa pa miyendo kufika m'cifuwa mwa munthu, pa malo a udzu. Tsono wailesi ikanena kuti lero kwatentha madigiri 32, inena za mpweya wa mumthunzi. Nthaka ya poyera ikhala yotentha koposa pamenepo, ndipo usiku udzu wa pansi uzizira koposa ciwerengero ca m'kabokosi. Mlimi asaiwale mau awa, pakuti mbeu zace ndi anapiye ace zikhala pansi penipeni.

Cifukwa Cace Katete Ali Wofatsa

Katete ndi tauni yaing'ono ya m'Cigawo ca Kum'mawa, pa mseu waukuru wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, pomwe papatukira mseu wopita ku Tete m'dziko la Mozambique. Malowo ali pamtunda wokwera mamita oposa pang'ono 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere, m'tsinde mwa mapiri a Mphangwe.

Kukwera kumeneku ndiko kumene kufatsitsa nyengo. Mpweya umanka nuzizira munthu akamakwera, ndipo pa mamita 1,000 ali onse kutentha kutsika ndi madigiri 6 kapena kuposa pang'ono. Mfuwe, m'cigwa ca Luangwa, ali pansi pa mamita 600, ndipo kumeneko kutentha kwa mu Okutobala kufika 40 kawiri kawiri. Mbala, ku mpoto kwa dziko, ali pamwamba pa mamita 1,600, ndipo ngakhale mu Okutobala masana ambiri safika 30. Katete ali pakati pa awiriwa.

Ziwerengero za m'munsimu nzocokera ku miyeso ya zaka zambiri ya ku Chipata, pa mtunda wa makilomita osafika 100 kucokera ku Katete. Popeza malo awiriwa ali pa msinkhu wofanana, nyengo yao isiyana pang'ono pokha.

Nyengo Zinai za Caka

M'dzinja, kuyambira Disembala kufikira Malici, masana kutentha madigiri 27 kapena 28, ndipo usiku kutsika kufika 18. Miyezi inai yonseyi ziwerengerozi sizisintha kwenikweni. Cimanga cikondwa nako kutentha kotere, ndipo ndico cifukwa cace mtunda wa Kum'mawa uli dziko la cimanga, nshawa, soya ndi mpendadzuwa.

M'masika, mu Epulo ndi Meyi, mvula ileka ndipo thambo liyera. Masana akhalabe pa 27, koma usiku uyamba kuzizira, kutsika kucokera pa 17 kufika pa 14. Mame acuruka m'mamawa.

M'nyengo ya cisanu, mu Juni ndi Julayi, masana afika 25 pokha, ndipo mbanda kuca kutsika kufika 12, masiku ena pansi pa 10. Dzuwa lipendekera ku mpoto, ndipo tsiku lalifupi koposa onse, ca pa 21 Juni, liri ndi maora 11 ndi mphindi zowerengeka. Mphepo ya mwera iomba kucokera kumwera ca kum'mawa, ndipo masiku ena idza ndi mitambo yotsika ndi kamvula kowaza.

M'cilimwe kutentha kukwera msanga. Mu Ogasiti masana afika 27 koma usiku ukali pa 14. Anthu opita ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa mweziwo afuna mthunzi masana ndi bulangeti usiku. Mu Sepitembala masana apitirira 30, mitengo ya mombo iphuka masamba ofiira, ndipo akabvumvulu ayamba kuzungulira m'minda. Okutobala ndiwo mwezi wotentha koposa yonse: masana 32, masiku ena 35 kapena kuposa, ndipo usiku 20. Nyenje zilira tsiku lonse. Mu Novembala kutentha kukhalapobe kufikira mvula itakhazikika.

Ena angafunse cifukwa cace Okutobala atentha koposa Disembala, pamene masiku a Disembala ndiwo aatali, ofika pafupi maora 13. Ndiponso dzuwa lifika paliombo penipeni pa Katete kawiri pacaka, kumapeto kwa Okutobala ndi ca pakati pa Febuluwale, koma Febuluwale satentha ngati Okutobala. Yankho lace ndi mitambo ndi cinyezi. M'dzinja mitambo ibweza mbali ina ya dzuwa, ndipo mphamvu yotsala ithera pa kuumitsa madzi a m'nthaka ndi a m'masamba. Mu Okutobala kulibe mitambo yokwanira, nthaka iri gwa, ndipo mphamvu yonse ya dzuwa igwera pa kutenthetsa dothi ndi mpweya.

Tsiku Limodzi Lisintha Koposa Caka

Pa ziwerengero zonsezi pali cinthu cimodzi cimene mlimi ayenera kugwira. Kuphatikiza usana ndi usiku, mwezi wa Julayi ukhala pa madigiri 18 ndipo Okutobala pa 26. Kusiyana kwace ndi madigiri 8 okha. Koma pa tsiku limodzi la mu Juni, Ogasiti kapena Sepitembala, kusiyana kwa mbanda kuca ndi masana kufika madigiri 13. Ndiko kunena kuti mbeu kapena ciweto ca ku Katete cipirira kusintha kwakukuru pakati pa kulira kwa tambala ndi nthawi ya nsima ya masana koposa kumene cipirira pakati pa cisanu ndi cilimwe.

Cifukwa cace ndi ici. Masana nthaka ilandira kutentha, usiku ikubweza kumwamba. Mitambo ndi cinyezi ca mumpweya zicita ngati cofunda ca dziko, kotero kuti m'dzinja usiku suzizira kwambiri. M'miyezi youma cofundaco palibe. Usiku wa nyenyezi zowala mbee, wopanda mphepo, ndiwo usiku woopsa, ndipo kuzizira kukula koposa dzuwa litatsala pang'ono kuturuka.

Ndiponso mpweya wozizira ndi wolemera. Usiku utsetsereka m'mapiri ndi m'zitunda monga madzi, nukadikha m'madambo. Ali yense amene anaolokapo dambo panjinga m'mamawa mu Juni adziwa momwe zala ziumira pofika pakati pa dambo, ndi momwe thupi lifundira akakwera tsidya lija. Cisanu cootca mbeu sicigwa caka ciri conse ku Katete monga cicitira ku Sesheke, kumene usiku wina kutsika pansi pa 0. Koma zaka zina cimagwa m'kati mwa madambo, ndipo mwini dimba apeza masamba a matimati, a maungu ndi a nthoci atada ngati owauka ndi moto.

Zoyenera Kucita m'Nyengo ya Cisanu

Mwini dimba agawe malo ace molingana ndi kuzizira. Repu, mpiru, kabici, anyezi ndi kaloti zikonda nyengo yozizira ndipo zipirira cisanu cocepa. Izi abzale kunsi. Matimati, nyemba, maungu, nthoci ndi mapapaya nzanthete. Izi aike ca kumtunda kwa dimba. Mpanda wa udzu uteteza mbeu ku mphepo ya mwera, koma ku mbali ya kunsi ukhale ndi mipata, kuti mpweya wozizira upite m'malo mounjikana m'kati. Nthaka yonyowa isunga kutentha kwa masana koposa youma, cotero kukaoneka kuti usiku udzazizira kwambiri, nkwabwino kuthirira dzuwa likali pamwamba.

Cimanga cileka kukula kutentha kukatsika pansi pa 10. Ndico cifukwa cace cimanga ca m'dimba cobzalidwa mu Juni cikula mozengereza, masamba ace ali otumbuluka, ndipo mwini wace aganiza kuti casowa feteleza pamene cingomva cisanu. Cobzalidwa mu Ogasiti cikula msanga.

Mwanapiye wa sabata imodzi afuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35. Usiku wa Juni uli pa 12. Anapiye amene ali ndi mai wao apeza kutenthako pansi pa mapiko, koma thadzi losiyidwa kuyenda nao m'mame dzuwa lisanakwere liwataya mmodzi mmodzi. Anapiye ogula alibe mai, ndipo afuna nyali kapena mphika wa makala wochingidwa bwino. Akaunjikana pamodzi ndi kulira, azizidwa; akathawira m'mbali ndi kuyasama, atenthedwa. Khola litsekedwe ku mbali yocokera mwera, koma pamwamba pakhale polowera mpweya. Ana a mbuzi, a nkhumba ndi a ng'ombe agone pa udzu wouma.

Amene ali ndi maiwe a nsomba adziwe kuti madzi akazizira pansi pa 20, nsomba za mtundu wa cambo zidya pang'ono. Kuthira gaga wambiri m'miyezi imeneyi ndi kungoipitsa madzi.

M'nyumba namonso cisanu cifuna ceru. Ana ang'ono ndi nkhalamba agwidwa ndi cibayo kawiri kawiri nthawi imeneyi; mwana wopuma mofulumira ndi kubanika apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Mbaula ya makala isagone m'nyumba yotseka, pakuti makala aturutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha.

Zoyenera Kucita m'Cilimwe

Mu Okutobala nthaka ya poyera itentha kupitirira madigiri 50 masana, ndipo mwana wopanda nsapato athamangira mumthunzi. Apa ndi pamene mvula ya cizimalupsa inyenga alimi. Inyowetsa pamwamba pokha, mbeu iyamba kumera, ndipo patapita masiku atatu dzuwa liumitsa dothi ndi kupsereza m'mera usanaturuke. Akuru anati m'mera mpoyamba. Koma m'mera wopsa ndi ndalama za mbeu zotayika. Mlimi adikire mvula imene yalowa pansi kufika pamene khasu lilekeza, ndipo ikagwa yotere asacedwe ngakhale tsiku limodzi.

Mapesi ndi zinyalala zosiyidwa pamunda ziphimba nthaka, ziicepetsera kutentha ndi kusunga cinyezi. Wotentha mapesi abvula munda wace pa nthawi imene dzuwa liri laukali koposa.

Matimati ayoyola maluwa masana akapitirira 32, ndipo repu akhakhala ndi kugwidwa ndi nsabwe. M'miyezi imeneyi nkwabwino kuphimba mabedi ndi udzu, kumangira nazale kadenga, ndi kuthirira m'mamawa kapena madzulo. Mankhwala opopera nawonso apoperedwe dzuwa litapepa.

Ng'ombe yaikuru imwa malita 30 kapena kuposa pa tsiku lotentha. Ng'ombe za pagoli zifika mu Novembala zitaonda cifukwa ca kusowa msipu, pomwe nchito yao ndiyo ikula. Zigwire nchito m'mamawa ndi madzulo, zipume dzuwa liri paliombo. Nkhumba siituruka thukuta lokwanira kuiziziritsa, ndipo yosowa mthunzi ndi madzi ikhoza kufa tsiku limodzi. Citopa ca nkhuku cibuka kawiri kawiri m'cilimwe, cotero katemera aperekedwe kutentha kusanayambe. Ndipo katemerayo asungidwe pozizira, pakuti akatenthedwa atha mphamvu.

Kutentha ndi Nkhokwe

Anankafumbwe aswana mocedwa m'nyengo ya cisanu. Mlimi akatsegula nkhokwe mu Julayi aona cimanga ciri bwino bwino, naganiza kuti caka cino wapulumuka. Koma mazira ali kale m'kati mwa njere. Kutentha kukafika pa 27 mpaka 30, dzira lisanduka nankafumbwe wamkuru m'masabata asanu okha, ndipo mbadwo uli wonse ucuruka koposa unzace. Pofika Disembala, m'thumba muli pfumbi lokha lokha.

Cotero nkhondo ya anankafumbwe imenyedwe kukali kozizira. Cimanga citonoledwe ndi kuumitsidwa bwino, kuti cinyezi cace citsike kufika pa magawo 13 mwa 100 kapena kuceperapo. Njira yapafupi yoyesera ndi kuika njere ndi mcere wouma m'botolo louma, kutseka ndi kukhucumula. Mcere ukamatirira m'mbali mwa botolo, cimanga sicinaume. Cikauma, cithiridwe mankhwala monga alangizi anenera, kapena ciikidwe m'matumba osalowa mpweya, Ogasiti asanathe.

Mbeu yosungira kubzala nayonso iopa kutentha. Akatswiri a mbeu ali ndi lamulo lakuti kutentha kwa mosungiramo kukakwera ndi madigiri 5, masiku a moyo wa mbeu acepa ndi theka. Thumba la nshawa kapena la soya lopacikidwa pansi pa malata mu Okutobala likhoza kuoneka labwino, koma pobzala limera mwa apo ndi apo. Mbeu ikhale pa malo ouma, a mthunzi, pa thandala losagunda pansi.

Dzinja ndi Adani Ace

Kufunda ndi cinyezi ca m'dzinja zikomera mbeu, zikomeranso adani a mlimi. Udzudzu ucuruka ndipo malungo akula kuyambira Januwale kufikira m'masika. Nkhupakupa zicuruka pa ng'ombe ndi kufalitsa cigodola, motero kusambitsa ng'ombe m'mankhwala kusadumphidwe. Mbozi zacilendo zodya cimanga, zimene zinalowa m'Zambia kumapeto kwa 2016, zitsiriza mbadwo umodzi m'masiku 30 kukakhala kofunda. Mlimi ayendere munda wace kawiri pa sabata ndi kusuzumira m'mitima ya cimanga.

Nyengo Iri Kusintha

Miyeso isonyeza kuti kuyambira 1960 kutentha kwa m'Zambia kwakwera ndi digiri yoposa imodzi, ndipo masiku ndi mausiku otentha acuruka. Digiri imodzi imveka yocepa, koma ifulumiza kuuma kwa nthaka ndi kuswana kwa tizirombo.

Caka ca 2024 cinaonetsa poyera kuti kufatsa kwa dzinja ncobwereka kwa mitambo. Mu Febuluwale mvula inadula kwa masabata angapo m'zigawo zambiri, Kum'mawa komwe. Mitambo itacoka, dzuwa la paliombo linagwa pa cimanga pa nthawi ya ngaiyaye ndi ndebvu, pamene kutentha kopitirira 35 kupha ufa wa ngaiyaye ndipo cisononkho cikhala copanda njere. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Mahekitala pafupifupi 1,000,000 a cimanga anali ataonongeka, mwa mahekitala 2,200,000 amene anabzalidwa.

Mlimi sangaitane mitambo, koma akhoza kugawa ciopsezo. Akabzala cimanga cocedwa ndi cofulumira, sicimasula conse sabata imodzi. Mapira, cinangwa, mbatata ndi khobwe zipirira kutentha koposa cimanga, ndipo ziyenera kupatsidwa ndime yace. Mitengo ya msangu ya m'munda, imene iyoyola masamba m'dzinja ndi kucita mthunzi m'cilimwe, isadulidwe.

Ali Yense Adziwe Munda Wace

Ziwerengero za ku Chipata zinena za dziko lonse la pamtunda, koma sizidziwa dambo la mlimi kapena citunda ca kuseri kwa nyumba yace. Izi azidziwe mwini wace. M'mamawa wina wa mu Juni alawire, ayende kucokera pakhomo kufika kunsi kwa dimba, naone pamene nkhungu yadikha ndi pamene mame acedwa kuuma. Pamenepo ndi pa malo a cisanu. Mu Okutobala aone mbali ya munda imene iyamba kuuma ndi kung'aluka.

Kagalasi koyesera kutentha sikadula ndalama zambiri. Sukulu, kalabu ya alimi kapena bungwe la m'mudzi likhoza kugula kamodzi, kukapacika mumthunzi, ndi kupatsa mwana wa sukulu nchito yolemba ciwerengero kawiri pa tsiku, dzuwa lisanaturuke ndi pa 2 koloko masana. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, kabuku kameneko kadzauza mudzi wonse sabata yoyenera kugula anapiye, mwezi wofesa matimati, ndi tsiku limene matumba a cimanga ayenera kukhala atasokedwa kale.